Mlongo Ndiye Anasunga Mudzi

Achimwene anga anafunsa funso limodzi lokha, ndipo funsolo linatsala pang'ono kundilekanitsa ndi mwana wanga.

Linali Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene Mulungu anandipatsa, anabwera ndi mnyamata wake kunyumba kwanga ku Barking, mu London muno, kuti amalume ake amuone. Ine mnyamatayo ndinali nditamudziwa kwa chaka chathunthu. Ndi mzungu wamtali, wofatsa, wokonza zikepe m'nyumba zosanjikizana, ndipo amadya chilichonse chimene wapatsidwa osafunsa kuti n'chiyani. Achimwene anachokera kwawo ku Wembley atavala jekete yawo imodzi ija ya pamaliro ndi paukwati. Anakhala pampando wapakona n'kumamuyang'ana mnyamatayo momwe amayang'anira anthu opanda tikiti pageti la bwalo la mpira pamene amalondera.

"Mufunseni," anatero kwa ine, ngakhale Chingerezi amachidziwa kuposa ine, "kwawo n'kuti?"

Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti anabadwira ku Ilford.

"Sindinafunse kumene anabadwira. Ana anga anabadwira m'chipatala ku Harare, koma kwawo si kuchipatala. Kwawo n'kuti?"

Ndinamasulira. Mnyamatayo anafotokoza zonse zimene ankadziwa. Bambo ake, amene anamwalira, anabadwira mu London momwemuno. Agogo ake aamuna anabadwira ku Amereka, n'kubwera kuno ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo atakwatira sanabwererenso. Bambo a agogowo ndiwo anali a mtundu wa Aserbia. Anakwera sitima yapamadzi ali mnyamata kupita ku Amereka, koma mudzi umene anachokera palibe anaudziwa. Agogo aja sanali munthu wokamba zakale, ndipo amene akanafunsidwa onse anali atapita.

Achimwene anapukusa mutu. "Ndiye kuti munthuyu alibe kwawo," anatero. "Achemwali, ine sindingaime unkhoswe pa munthu wopanda kwawo. Zikadzavuta m'banjamo ndikagogoda khomo la yani? Mwana akadzabadwa tidzati ndi wa kuti?"

Mwana wanga Chichewa amamva bwino lomwe, kungoti amayankha m'Chingerezi. Tsikulo anayankha mofulumira ngati wailesi. Anati iye sakukwatiwa ndi mudzi, akukwatiwa ndi munthu. Anati tsiku la ukwati analembetsa kale kukhansolo, latsala miyezi itatu, ndipo amalume abwere asabwere iye adzasaina basi. Anatenga chikhoti chake, n'kumukoka mnyamata uja, chakudya chili patebulo chosakhudzidwa.

Ndinakwiya nawo onse awiri, koma mantha ndiwo anali aakulu. Kwathu mwana wamkazi sakwatiwa popanda amalume ake, chifukwa iwo ndiwo eni mbumba. Ndikanapita kukhansolo achimwene atakana, ndiye kuti ndawanyoza pamaso pa anthu onse a kutchalitchi, munthu amene anandilera bambo atamwalira. Ndikanakhala kunyumba, ndiye kuti mwana wanga yekhayo wakwatiwa ngati wamasiye. Kulikonse kumene ndikanalowera ndinali kutaya m'modzi.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti achimwene ndinkawamvetsa. Bambo athu anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, n'kukathera pa famu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi, ku Zimbabwe. Ife tinabadwira m'komboni ya pafamupo. Nthawi ya Khirisimasi anzathu ankakwera mabasi kupita kumusha, monga amanenera m'Chishona, ife n'kutsala tikuyang'ana fumbi. Ankatitcha mabwidi, anthu opanda mudzi. Achimwene ali mnyamata anakonda mtsikana wina wa m'tauni, makolo ake n'kuwabweza pakhomo ndi funso lomwelo lakuti kwanu n'kuti. Tsopano atakalamba anatola mwala umene anagendedwa nawo n'kugenda mwana wa eni. Ndinkadziwa zimenezi, koma sindikanawauza pamaso, chifukwa ndi akulu anga.

Patapita masiku anayi mnyamata uja anagogoda pakhomo panga ali yekha, atanyamula chitini chakale cha mabisiketi. Anati sakufuna kuti mtsikanayo adane ndi abale ake chifukwa cha iye. M'chitinimo munali chithunzi chaching'ono cha woyera mtima wina chojambulidwa pathabwa, zithunzi zingapo zofiirira, ndi mpukutu wa mapepala. Anandiuza kuti banja lawo lili ndi tsiku limodzi m'nyengo yozizira limene amayatsa kandulo patsogolo pa woyera mtimayo n'kunyema buledi, ndipo mwambowo umachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Chinenero anataya, mudzi anataya, koma kandulo sanasiye. Ndinaganiza za mfunda wathu, umene ifenso tinausunga zina zonse zitatayika.

Mapepala aja ndiwo anali nkhani. Kwa zaka zambiri mnyamatayo anakhala akufufuza m'mabuku a sitima zapamadzi. Kale munthu aliyense wotsika sitima ku Amereka ankalembedwa m'kaundula, ndipo makaundulawo anajambulidwa, moti masiku ano munthu angathe kuwaona pa kompyuta. Vuto silinali lakuti dzina la kholo lake linkasowa. Linkapezeka mopitirira. Amuna a dzina lomwelo ndi chiwongo chomwecho analipo oposa makumi awiri, onse anyamata, onse alimi, onse otsika m'zaka zoyandikana. Aliyense anali ndi mudzi wake, ndipo iye sakanangolozapo umodzi n'kunena kuti ndi kwawo.

"Ungotola umodzi," ndinamuuza. "Achimwene sadzapita kukafunsa."

Anandiyang'ana modabwa, ine n'kuchita manyazi. Anati sangayambe ukwati ndi bodza. Pamenepo ndinadziwa kuti mwana wanga sanasankhe molakwika, ndipo ndinamuuza kuti Loweruka tikumane kulaibulale ya m'dera lathu, kumene makaundulawo amaoneka mwaulere.

Amayi anga akanadzuka m'manda akanagwira pakamwa. Kwathu mpongozi ndi mkamwini amapewana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Koma ine ndinali apo, phewa ndi phewa ndi wodzakhala mkamwini wanga, timipando tiwiri titagundana, tonse tikusuzumira pagalasi limodzi la kompyuta. Ndinadzitonthoza kuti unkhoswe usanachitike sanakhale mkamwini.

Loweruka loyambalo sitinapeze kanthu. Masamba a makaundulawo ndi aakulu, ogawidwa m'mizere yambiri, ndipo alembi ake ankalemba ngati nkhuku yapalasa. Mnyamatayo ankatsegula tsamba, n'kuloza dzina, zaka, ndi chaka chimene sitima inafika, kenako n'kuwerengetsa ngati zikugwirizana ndi chaka chimene agogo ake anabadwa. Pafupifupi onse ankagwirizana. Ine maso anayamba kuwawa, popeza ndinali nditagwira mashifiti asanu otsatizana kunyumba yosamalira okalamba. Loweruka lachiwiri zinali chimodzimodzi. Mwana wanga anali atasiya kuyankha foni yanga, ankangotumiza timauthenga tatifupi. Achimwene nawo kutchalitchi ankandipatsa moni ngati mlendo.

Chakumapeto kwa Loweruka lachiwirilo ndinatopa ndi kuwerenga zaka za anthu akufa. Ndinaloza mizere ina ya kumapeto kwa tsamba, imene iye ankangoidumpha, n'kufunsa kuti muli chiyani. Anati mzere wina umanena m'bale amene munthuyo wamusiya kwawo, wina umanena munthu amene akupita kukafikira.

"Nanga bwanji sitikuwerenga imeneyo?"

Anati anaiwerenga kalekale. Ankafunafuna amene akupita kwa bambo ake kapena kwa mchimwene wake wa chiwongo chawo, ndipo angapo anawapeza, koma panalibe chotsimikizira. Ena onse ankapita kwa anthu a mayina achilendo, ndiye anawasiya.

Ndinakumbukira bambo akutiuza momwe anayendera kuchoka ku Dedza. Sanangodzuka n'kuloza kum'mwera ayi. Mlongo wawo wamkulu anali atakwatiwa ndi munthu amene ankagwira kale ntchito pa famu ija, ndipo mlamu wawoyo ndiye anatumiza mawu kuti ntchito ilipo. Machona onse amene ndinakula nawo m'komboni anabwera choncho. Ukafunsa kuti munafikira kwa yani, yankho linali kwa alamu, kwa amalume, kwa achemwali. Mnyamata wosauka sapita kudziko lachilendo kopanda womulandira, ndipo kawirikawiri womulandirayo amakhala wa chiwongo china.

"Kodi kholo lakoli linalibe mlongo?" ndinamufunsa.

Anaganiza pang'ono. Anati m'chitini muja muli chithunzi cha mayi wina wokalamba wovala mpango, amene bambo ake ankati ndi azakhali a agogo. Koma mayiyo anakwatiwa n'kutenga dzina lina, ndiye iye sanamuike pa mndandanda wa banja.

Ndinaseka mpaka mayi woyang'anira laibulale anadzutsa mutu. "Anthu inu mumataya mlongo chifukwa wakwatiwa?" ndinatero. "Kwathu mudzi ndi wa akazi. Mwamuna amangobwera kudzakwatira, mawa akhoza kunyamula kathumba kake n'kumapita. Ukafuna kudziwa kwawo kwa munthu, funsa kumene kuli mlongo wake." Nditamaliza ndinakumbukira kuti ndikuuza munthu amene akufuna kudzakwatira kwathu, koma iye anangomwetulira, nkhope itafiira.

Sabata imeneyo inatalika. Ndinkaopa kuti mwina ndamupatsa chiyembekezo chabodza, mwina azungu a kumeneko sankayenda monga ife. Loweruka lachitatu anabwera ndi chithunzi chija. Mayiyo anaima pakhomo la nyumba yamatabwa, manja atapinda pamimba, osaseka, ngati azimayi a chigwirizano akamajambulitsa. Kumbuyo kwa chithunzicho munthu wina analemba ndi pensulo dzina lake la kubanja ndi dzina la tauni ina ya ku Amereka. Tinachitsamiritsa pa kompyuta, n'kuyambiranso amuna aja m'modzim'modzi, osayang'ananso zaka koma mzere wa kofikira wokha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba ankapita kwa mnzake. Wachiwiri kwa mchimwene wake, m'tauni ina. Wachitatu mzere wake unali wofufutika moti tinakangana ngati ndi dzina kapena dontho la inki. Tinadutsa khumi, mtima wanga ukutsika pang'onopang'ono, ndipo ndinayamba kukonza mawu omupepesa. Kenako chala chake chinaima pagalasi. Anatenga chithunzi chija n'kuchiika pambali pa mzerewo. Munthuyo ankapita kwa mlamu wake. Dzina la mlamuyo linali lomwe lija la kumbuyo kwa chithunzi, tauni yake yomweyonso.

Tinabwerera kumayambiriro kwa mzere. Anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mlimi, wosakwatira. Mlembi analemba kutalika kwake, mtundu wa maso ake, ngakhale chipsera chimene anali nacho padzanja lamanzere. M'bale amene anamusiya kwawo anali amayi ake, ndipo pambali pa dzina la amayiwo panali dzina la mudzi.

Mnyamata uja anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali ngakhale sanali akuda. Ine ndinati mboni imodzi sikwanira, achimwene ndimawadziwa, tiyeni timufunenso mlongoyo. Tinalemba dzina lake la kubanja, ndipo sanachedwe kupezeka. Anatsika sitima ina zaka ziwiri m'mbuyo mwake, ali ndi khanda, akupita kwa mwamuna wake. Amene anamusiya kwawo anali mayi yemweyo, m'mudzi womwewo. Zaka zonse zimene mnyamatayo anavutika, mayiyu anali m'chitini cha mabisiketi, mudzi ali nawo m'manja, akudikira womufunsa.

Tinaufunafuna mudziwo pa mapu. Ulipo mpaka lero, kamudzi kakang'ono pakati pa mapiri, kali ndi tchalitchi chimodzi ndi msewu umodzi. Ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera kutali. Ndinakhala pampandopo mpaka iye anabwera ndi mapepala awiri amene anasindikiza.

Lamlungu lotsatira tinapita ku Wembley tonse atatu. Mwana wanga anavomera monyinyirika. Kuchokera ku Barking mpaka ku West Ham, kumene tinasintha sitima, sanandiyankhule. Mu sitima ya Jubilee anangondifunsa ngati ndamwa mankhwala anga a BP, ine n'kudziwa kuti mkwiyo wayamba kuphwa.

Achimwene anatilandira opanda jekete, zimene sindinadziwe ngati ndi zabwino kapena zoipa. Mnyamatayo anawapatsa mapepala ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsira. Anavala magalasi awo, n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ulendo uno anamufunsa yekha, m'Chingerezi, osadzera mwa ine.

"Anapita kwa ndani?"

"Kwa mlamu wake. Mwamuna wa mlongo wake."

Achimwene anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Monga bambo," anatero m'Chichewa. Kenako anabwerera kwa mnyamatayo. "Nanga amayi akewa, anabwerera kukawaona?"

"Ayi. Sanabwererenso."

Kunja kunkamveka anthu opita kumpira akuimba mumsewu. Bambo athu nawonso sanabwerere ku Dedza. Chaka chilichonse ankati fodya akagulidwa apita, mpaka uthenga unafika woti amayi awo anaikidwa kalekale.

"Ndiye ndi mtchona," anatero achimwene potsiriza. "Ndi mtchona mnzathu uyu." Anaika mapepala pabondo n'kumuuza mnyamatayo kuti apeze amalume ake, kapena m'bale aliyense wamkulu wa kuchimuna, abwere adzakambirane za tsiku la chinkhoswe. Anawonjeza kuti asabwere ndi mnzake wa kuntchito n'kumati ndi amalume, chifukwa iwo adzazindikira.

Mwana wanga anabisa nkhope m'manja. Ine ndinkafuna kululutira, koma nyumba za kuno makoma ake ndi opyapyala, ndiye ndinangoti zikomo achimwene.

Mnyamata uja, pofuna kubweza zabwino, anati tsopano wadziwa kafufuzidwe kake, akhoza kuthandiza kupeza mapepala a bambo athu. Anafunsa kuti anakwera sitima yanji.

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Sitima yake inali mapazi," anatero. "Panalibe mlembi m'tchire muja wolemba kutalika kwa munthu."

Kuseka kutatha anapempha cholembera. Anatembenuza limodzi mwa mapepala aja, la mnyamata wa chipsera padzanja, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake ndi zilembo zazikulu. Analemba dzina la bambo ndi mfunda wawo. Analemba dzina la amayi awo a bambo, dzina la mudzi, dzina la mfumu yaikulu ya deralo, ndi phiri limene mudziwo unatsamira. Pansi pake analemba dzina la azakhali athu, mlongo wa bambo uja, ndi la mwamuna wawo amene anawalandira pa famu. Za kumudzi kwa bambo ine ndinkadziwa Dedza yekha. Zina zonsezo ndinkaziona koyamba, ndili ndi imvi kale.

"Achimwene, zimenezi munali nazo nthawi yonseyi?"

"Bambo anandiuza kamodzi, tikupalira," anatero osandiyang'ana. "Sindinapiteko. Ndinkachita manyazi kutchula mudzi umene sindinaupondepo. Koma ndikaima pageti paja ndimazinena chamumtima kuti ndisaiwale."

Anapereka pepalalo kwa mwana wanga, osati kwa ine kapena kwa mnyamatayo. "Iwe ndiwe mkazi, usunge ndiwe," anatero. "Ana ako akadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti, adzawerenge uku, akamaliza atembenuze."

Pobwerera sitima inadzaza ndi anthu ochokera kumpira, koma tinapeza malo. Mnyamata uja anaimirira kuti ine ndikhale, ndipo anaima patali pang'ono, chifukwa ndinali nditamuuza kuti kuyambira tsopano ndi mkamwini, za phewa ndi phewa zatha. Mwana wanga anakhala pambali panga, pepala lija lili pamiyendo. Analiyang'ana kutsogolo, n'kulitembenuza, n'kuika chala pa dzina la mudzi wa agogo ake.

"Amayi," anatero m'Chichewa chake chopindika chija, "limeneli amalitchula bwanji?"

Ndinamutchulira pang'onopang'ono, iye n'kubwereza. Nanenso kanali koyamba kulitchula.